Tsekwe wa m'dengu ndi mwendo wa abambo

Amene anandiuza koyamba ndi mlamu wanga a Jowakimu, amene amagula nsomba ku Amaramba n'kumadzagulitsa kuno ku Entre Lagos. Anafika m'mawa ine ndikusesa pabwalo, anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, ndipo asanamasule n'komwe katundu anati, "Mlamu, Che Amidu aja atisiya. Awaika dzulo." Ndinangokhala pansi, tsache lili m'manja. M'dengu la panjinga munkatuluka fungo la milamba yowamba, fungo la utsi lija limene limakakamira m'zovala. Koma mphuno yanga inkamva fungo lina limene panalibe, la mafuta a nsatsi otenthetsa paphale losakanikirana ndi la nthenga zonyowa. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga uli ku dzinja lina lakale, ndiye ndati ndilembe, ngakhale shikola, sukulu imene ena amati, sindinapite nayo patali.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinali titangokhala pang'ono chibwerere kuchokera ku Malawi, kumene makolo anga anathawira nkhondo ndiponso kumene ine ndinabadwira. Mudzi wathu wakale tinaupeza utasanduka tchire, choncho tinakapempha malo kufupi ndi nyanja ya Amaramba, pakati pa mabanja a Chisilamu amene akhala kumeneko kuyambira makolo awo. Nyumba yathu inali ya udzu, chitseko cha bango, khonde loyang'ana kunjira. Chuma chathu chonse chinali kamunda ka chinangwa, nkhuku yathadzi imodzi, ndi njinga yakuda imene abambo anabwera nayo kuchokera kuja tinathawira.

Abambo anga, a Mateyu, za bwato ndi ukonde sankazidziwa. Iwo ankagula nsomba kwa asodzi, kuzimanga m'dengu lalikulu pambuyo pa njinga, n'kukazigulitsa m'misika. Miyendo yawo ndiyo inkatidyetsa. Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Ankadya ataimirira, ankalankhula akuyenda, ndipo ngakhale m'tchalitchi phazi lawo linkangogundagunda pansi mpaka amayi atawatsina.

Chaka chimenecho mvula inagwa yosaleka. Madambo anadzaza, achule ankalira usana ndi dzuwa lomwe, ndipo mchere unkasungunukira m'chigubu. Tsiku lina abambo akuwoloka kamlatho ka mitengo ndi katundu wa nsomba za makumba, tayala linaterereka. Anagwera m'ngalande, njinga ndi dengu pamwamba pawo. Asodzi anayi anawabweretsa atawagoneka pachitseko cha munthu wina, mwendo wakumanzere utapindika pansi pa bondo, malo amene mwendo supindika. Lero ana anga ndimawauza kuti fupa likathyoka muthamangire kuchipatala. Koma nthawi imeneyo msewu wopita kuchipatala unali pansi pa madzi, ndipo panalibe galimoto yofika kwathu.

Ndiye anthu anakaitana Che Amidu. Ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu, bambo wamfupi, wa ndevu zochepa pachibwano ndi kachisoti koyera pamutu, amene ntchito yawo inali kusoka maukonde. Kulumikiza mafupa anaphunzira kwa amalume awo. Anali munthu wanthabwala, woti ngakhale pamaliro anthu ankawakhazika patali kuopa kuseka. Anafika ndi timitengo ta nsungwi, luzi ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. Anauza amuna awiri kuti agwire abambo m'mapewa, iwo n'kukoka mwendo uja pang'onopang'ono. Abambo anakuwa kuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Ine ndinabisala kuseri kwa mtondo, zala m'makutu.

Atatha kumanga, amayi anandiitana kuti ndikagwire nkhuku. Mwambo wake unali wotero: wolumikiza fupa amathyola mwendo wa nkhuku n'kuumanganso, kuti munthu ndi nkhuku achirire limodzi. Nkhuku ikayenda, munthunso ayenda. Koma nkhuku yathu inali imodzi yomweyo, ndipo inali itangoyamba kuikira mazira. Ndinaibweretsa ndikulira. Che Amidu anaiyang'ana, anayang'ana nyumba yathu yopanda kanthu, kenaka anatuma mwana wawo Asiyatu, mtsikana wa msinkhu wanga, kuti akatenge chimene chinali pansi pa dengu kwawo.

Asiyatu anabwera atafukata kamwana ka tsekwe. Kanali kakakulu ngati msoti, nthenga zenizeni zitangoyamba kumera pakati pa ubweya wotuwa, maso akuda ngati mikanda. Kanakodwa mu ukonde m'bango m'mawa womwewo, ndipo mwendo wake wakumanzere unkangolendewera.

"Amalume anga ankathyola nkhuku," anatero Che Amidu. "Ine ndithyolerenji cholengedwa cha Mulungu pamene ukonde wandithyolera kale? A Mateyu, mwamuona mnzanuyu? Tsiku limene adzayende ndi miyendo iwiri pamaso panu, inunso mudzaimirire. Mukatsogola ndinu, mwendo udzakhota ngati mbedza, ndipo njinga ija mudzaisandutsa choyanikapo zovala."

Anadula timabango tiwiri totalika ngati chala, anadzoza kamwendoko mafuta omwe aja, n'kumanga ndi ulusi wa ukonde. Amayi, amene anali a kwaya ndiponso amantha pa zinthu za mizimu, anafunsa motsitsa mawu ngati munalibe zina m'menemo. Che Amidu anaseka n'kunena kuti munali bango, mafuta ndi kudikira, basi. Amayi anagwada n'kupempherera odwala onse awiri. Kenaka Che Amidu anandiika tsekwe uja m'manja. "Abiti Mateyu, wodwala wamng'onoyu ndi wako." Palibe munthu anali atanditchulapo choncho, mwa ulemu wa Chiyao ngati mayi wamkulu. Kunyumba ndinali Mena basi, wotumidwa kumadzi.

Ndinayala udzu wouma ndi nsalu ya kapulana yakutha ya amayi m'dengu la nsomba lija, popeza linalibenso ntchito. Masiku awiri oyamba tsekweyo anakana kudya. Ankangotsegula kukamwa n'kumapemerera ngati mphiri, ndipo dzanja likayandikira ankalitsina mpaka kusiya chipsera chobiriwira. Ndinayesa madeya ouma, ayi. Asiyatu ndi amene anandiphunzitsa kuti mbalame ya m'madzi imafuna chakudya chamadzimadzi. Tinasakaniza madeya ndi madzi m'chigoba cha chipanda, tinaduliramo msipu wanthete wa kudambo, ndipo tsiku lachitatu tinamva mlomo ukuchita tcheketcheke m'chigobamo. Ndinathamanga kukauza amayi ngati kwabadwa mwana.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali dengu limenelo. M'mawa ndinkasintha udzu, chifukwa tsekwe ndi wauve, sadziwa kudziletsa. Masana ndinkamunyamula pamwamba pa beseni kuti aviike mutu ndi khosi popanda kunyowetsa mabango a kumwendo. Ankamiza mutu, kuutukula, madzi n'kuyenderera pamsana ngati mikanda yoduka. Tsiku lililonse ndinkadontheza mafuta a nsatsi pakati pa timabango tija monga momwe amayi ankachitira ndi mwendo wa abambo. Patapita sabata analeka kunditsina. Ndikakhala pansi ankatulutsa khosi m'dengu n'kugoneka mlomo m'khwapa mwanga, kenaka n'kutsinzina. Pachifuwa pake pankafunda ngati mbatata yochokera paphulusa.

Dengulo linkakhala pakhonde, pambali pa mphasa ya abambo. Ankamutchula kuti mnzanga wa m'chipatala, ndipo ankamudandaulira zonse: za mvula, za nsomba zimene zinkagulidwa ndi ena, za msana umene unkawawa ndi kugona. Njinga inali itapachikidwa kudenga la khonde, ndipo iwo ankazunguza tayala lake ndi kamtengo, n'kumamvetsera likulira. Anzawo a njinga akamadutsa panjira ndi madengu odzaza, akuliza belu powapatsa moni, abambo ankayankha ndi dzanja koma nsagwada zitalimba. M'nyumba munali njala. Tinkadya chigwada ndi chinangwa chowawa chovuula m'madzi, ndipo masiku ena ndiwo zinali matemba a m'kambale amene amayi ake a Asiyatu ankatumiza atavundikira ndi tsamba la nthochi. M'mawa uliwonse funso la abambo linali limodzi: "Mena, mnzanga wayenda?"

Patatha masabata atatu, Lachisanu masana, ndinapita ndi dengu kuseri kwa nyumba kukasinthanso udzu. Ndinamukhazika tsekwe pansi monga mwa masiku onse. Nditatembenuka ndinamupeza ataimirira. Anaponda kamodzi, anaima ngati akuganiza, anapondanso, kenaka anayenda chopendekeka mpaka pachithaphwi n'kuyamba kusefa matope ndi mlomo. Ndinati abambo achira, njala yatha. Ndinamunyamula n'kuyamba kuthamanga, koma pakona ya nyumba ndinagundana ndi Che Amidu, atavala mkanjo woyera akuchokera kumzikiti, akubwera kudzaona wodwala monga ankachitira Lachisanu lililonse.

Anandibweza kuseri. Anamasula timabango, anasisita kamwendo kaja ndi chala chachikulu, n'kunena kuti kalumikizana bwino. Kenaka, ine ndikuona, anamanganso.

"Mwanache," anatero, ndiye kuti mwana m'Chiyao, "fupa la mbalame ndi bango, la munthu ndi mtengo. Uyu wachira. Abambo ako atsala ndi masabata asanu. Akaponda lero, sadzapalasanso njinga mpaka kalekale."

"Ndiye muwauze, Che Amidu."

"Abambo ako amauzidwa? Ine ndi amayi ako tikalankhula amati tikuwanamiza. Amene akumumvera pamudzi pano ndi tsekwe yekhayu. Usamulole kuyenda pamaso pawo."

Apo m'pamene ntchito inayambira. Kusamala tsekwe wodwala n'kosavuta. Wovuta ndi tsekwe wochira amene akuyenera kuoneka wodwala. Ankalimbana ndi dengu, kulira mokweza, kutafuna luzi limene ndinkamangira chivundikiro. Ndikamusiya tsiku lonse osayenda ankakana kudya, ndipo ndinaopa kuti akafa abambo adzati nawonso basi. Choncho m'mawa uliwonse ndinkanena kuti ndikupita naye kukadya msipu, ndinkasenza dengu n'kudutsa m'munda wa chinangwa mpaka pa kadziwe kena kobisika ndi bango. Asiyatu ankandipeza kumeneko. Tinkamumasula, iye n'kuthamangira m'madzi akukupiza mapiko, kumira, kutulukira pakati pa maluwa a kakombo. Kumugwira kuti tibwerere kunali nkhondo. Tinkalowa m'madzi mpaka m'chiuno, misundu n'kumatikakamira m'miyendo, udzudzu n'kumatidya m'khosi. Tikamugwira tinkamupukuta ndi kapulana, kumanganso timabango, n'kumubwezera m'dengu. Sabata iliyonse ankalemera, mpaka khosi langa linkachita kunjenjemera pofika kunyumba.

Koma cholemera kwambiri sichinali dengu. "Mena, mnzanga wayenda?" Ndinkayang'ana zala za kumapazi n'kunena kuti ayi, sanayende. Ine ndinaleredwa kuti bodza ndi la Satana, ndipo mawu amenewo ankandiwawa m'kamwa ngati chinangwa chosavuula. Lamulungu anzanga akuimba, ine ndinkalephera kuimba nawo. Ndinkapemphera pemphero la mwana, losadziwa kukonza mawu: Ambuye, ndikunama, mukundiona, koma musalange abambo, mulange ine akachira.

Sabata yotsatira abambo anasanduka munthu wina. Anakalipira amayi popanda chifukwa, anataya kapu ya madzi, ndipo analamula kuti awadulire ndodo ziwiri zoyendera. Amayi anadula, poopa mkangano, n'kuziika pambali pa mphasa. Masiku atatu ndodozo zinali pamenepo, abambo akuziyang'ana, ine ndikuyang'ana abambo. Tsiku lachinayi nditabwera kuchokera kudziwe, miyendo ikutuluka magazi moluma misundu, abambo anandiyang'anitsitsa. Kenaka anauza amayi kuti ndodozo akaziike kudenga, pamodzi ndi njinga. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso ngati mnzawo wayenda. Anapempha Che Amidu kuti awabweretsere ukonde wong'ambika awaphunzitse kusoka, ndipo ankaswera pamphasa akuluka mfundo zokhotakhota, Che Amidu n'kumawaseka kuti ukonde umenewo nsomba zizilowa ndi kutuluka ngati pamsika.

Tsiku limene sindidzaiwala linafika nkhuku yathu itaswa anapiye. Linali dzuwa la masana, nthaka ikufuka nthunzi mvula itangokata. Ndinkachokera kuchitsime ndi ndowa pamutu. Nditangolowa pabwalo ndinaona chivundikiro cha dengu chili pansi. Tsekwe anali atadula luzi. Anali pakati pa bwalo, khosi atatambasula, mapiko ali tambalale, akuthamangitsa nkhuku ndi anapiye ake, miyendo yonse iwiri ikuponda bwinobwino, timabango tikukwekwereka pambuyo. Phokoso lake linamveka mpaka kwa Che Amidu. Anadutsa pamaso penipeni pa khonde, osati kamodzi koma kawiri. Madzi a m'ndowa anandikhuthukira kumsana. Ndinayang'ana pamphasa.

Abambo anali atatembenukira kukhoma, chipewa chili kumaso, akuliza mkonono waukulu umene sindinaumvepo chibadwire.

Ndinamugwira tsekwe, ndinathawira naye kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinagwada m'matope momwemo. Ndinathokoza Mulungu amene anagwetsera abambo tulo pa nthawi yake, monga anachitira ndi Adamu. Kwa zaka zambiri, munthu akandifunsa ngati ndinaonapo chozizwitsa, ndinkanena chimenechi.

Masabata asanu atakwana, Che Amidu anabwera, anamasula nsungwi, anadina mwendo wa abambo kuyambira pabondo mpaka pakakolo, n'kugwedeza mutu movomereza. "Abiti Mateyu, tabweretsa wodwala wako timuone." Anamasula timabango mwaulemu ngati akutsegula mphatso. Tsekwe anatuluka, anadzigwedeza, n'kuyenda pabwalo monyada ngati mwini mudzi. Abambo anawomba m'manja n'kufuula kuti, "Ha! Mnzanga wayenda!" Amayi anatsitsa ndodo zija, ndipo abambo anaimirira, mwendo wowonda ngati wa mwana koma wowongoka. Amayi anayamba nyimbo ya kwaya, amayi ake a Asiyatu n'kumaimba nthungululu. Chimanga chisanaume m'minda njinga inatsika kudenga.

Tsekwe anakhala nafe mpaka nyengo yozizira. Ankanditsatira kuchitsime ngati galu, ndipo ankatsina aliyense wondikalipira. Munthu wina atanena kuti wanenepa bwino, abambo anayankha kuti mnzako wogona naye m'chipatala sadyedwa. M'mawa wina atsekwe a kutchire anadutsa pamwamba pa nyumba akulira. Wanga anatukula khosi, anathamanga pang'ono, n'kunyamuka. Ndinalira masiku awiri, kenaka ndinatsuka dengu, abambo n'kulimanganso panjinga.

Bodza lija ndinakhala nalo mpaka nditakwatiwa. Nditabereka mwana wanga woyamba kuno ku Entre Lagos, abambo anabwera kudzamuona pa njinga yomwe ija. Atamufukata mdzukulu wawo, ndinaona kuti nthawi yakwana, ndipo ndinaulula zonse: za kadziwe, za timabango, za ayi wa m'mawa uliwonse. Anaseka mpaka mwana anadzidzimuka.

"Mena, tsekwe wothyoka mwendo amabwera ndi matope kumapazi onse awiri? Nthenga munkapukuta, koma mapazi munkaiwala. Ndinaona sabata yoyamba yomwe, n'chifukwa chake ndinaitanitsa ndodo. Koma tsiku lija unabwera dengu likukupinda khosi, magazi ali chuchuchu m'miyendo, ndinati mwana akusenza zonsezi chifukwa cha mwendo wanga, ine chondilaka n'chiyani, kugona pamphasa?" Anapukuta misozi ya kuseka, n'kuwonjeza kuti, "Koma mkonono uja unandipweteka pakhosi masiku atatu."

Abambo anapalasa njinga mpaka tsitsi litayera, ndipo Mulungu anawaitana mwendo uli wowongoka. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikusamala tsekwe kuti abambo achire, ndiponso kuti ndine ndekha amene ndinkasenza chinsinsi. Tsopano ndikuona kuti pakhonde paja aliyense ankasamala mnzake mwakachetechete: Che Amidu anasunga nkhuku ya anthu obwera amene analibe kanthu, ine ndinasunga mwendo wa abambo, abambo anasunga mtima wanga. Chozizwitsa chija sindinachichotse pa mndandanda wa zimene Mulungu anandichitira. Ndinangozindikira kuti sanagwetse tulo ayi. Anagoneka pansi munthu amene sankatha kukhala pansi, maso ali otsegula, ndipo chimenecho n'chachikulu koposa.

Che Amidu sankapemphera m'nyumba imodzi ndi ife, koma ana anga akudya lero chifukwa cha manja awo. Asiya akazi awo okalamba amene maso akuwavuta, ndi Asiyatu amene akulera ana ake ndi a mchemwali wake womwalira, kumudzi komwe kuja m'mbali mwa bango. Inu amene mwawerenga, kaya mumagwada m'tchalitchi kaya mumzikiti, ndikupempheni kuti mukamatchula mayina a anthu anu pamaso pa Mulungu, mutchuleko banja la Che Amidu, wosoka maukonde wa ku Amaramba.